Mbiri ya Mondokwa ndi Phunziro Lake kwa Alimi a kwa Jenala

Lero tifuna kukamba nanu za chinthu chimene nonse muchidziwa bwino, ndicho chimanga chachiwisi chootcha pamoto, chimene kuno kummwera timati mondokwa, ndipo anzathu a m'Chigawo cha Pakati amati dowe. Kapena wina wa inu adzati, "Kodi mondokwa ali ndi mbiri yanji? Si chakudya cha ana ndi cha anthu a paulendo kodi?" Tatcherani khutu pang'ono. Chikonyo chimene mutembenuza pamakala mwezi wa Febuluwale chinayamba kudyedwa m'dziko muno nsima ya chimanga isanazolowereke, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro lokhudza nkhokwe zanu.

KUMENE CHIMANGA CHINACHOKERA

Makolo athu akalekale sanali kuchidziwa chimanga. Nsima yawo inali ya mapira, mawere ndi mchewere. Kwawo kwa chimanga ndi kutsidya kwa nyanja yaikulu yamchere, m'dziko la Mexico ku America. Kumeneko, zaka ngati 9,000 zapitazo, alimi anayamba kusamala udzu wina wa kuthengo wotchedwa teosinte. Udzu umenewu ubereka tingala tating'ono, tokhala ndi tinjere towerengeka, tolimba ngati timiyala. Chaka ndi chaka alimi aja anali kusankha ngala zazikulu ndi kuzisunga kuti zikhale mbewu, kufikira udzu uja unasanduka chimanga chimene tichiona lero. Musaiwale mawu awa a kusankha mbewu, pakuti tidzabwererako.

M'chaka cha 1492 Christopher Columbus anawoloka nyanja kuchokera ku Spain, ndipo anthu ake anapeza minda ya chimanga pa chilumba cha Cuba. Pobwerera anatengako mbewu. Posachedwa Apwitikizi, amene zombo zawo zinali kuzungulira gombe la Africa, anayamba kuchinyamula. Vasco da Gama anafika pa gombe la Mozambique mu 1498, ndipo cha m'ma 1530 Apwitikizi anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete pa mtsinje wa Zambezi. Kuchokera kugombe chimanga chinayenda pang'onopang'ono, mudzi ndi mudzi, m'mitolo ya amalonda a nsalu, mikanda ndi minyanga. Dzina lake lomwe lichitira umboni. Akale anali kunena kuti "ku Manga" ponena za kugombe kumene kunachokera Aluya ndi katundu wawo. Tsono chimanga ndiye kuti chinthu cha ku Manga, ndiko kuti mbewu yachilendo.

CHINALOWA PAMOTO CHISANALOWE MUMTONDO

Mbewu yachilendo siilandiridwa msanga. Mlimi wanzeru sangasiye mapira amene anadyetsa agogo ake chifukwa cha njere zimene walandira kwa munthu wodutsa. Chifukwa chake poyamba chimanga sichinali mbewu ya m'munda waukulu ayi. Chinali kubzalidwa kuseri kwa nyumba, pachulu, m'dimba ndi m'mbali mwa dambo, pamodzi ndi maungu ndi nyemba.

Nanga chinawakopa makolo athu n'chiyani? Mudziwa kuti mapira amakolo akhwima mochedwa, cha mu Meyi kapena Juni. Pakati pa Januwale ndi Malichi nkhokwe zambiri zinali kukhala zopanda kanthu, pamene ntchito ya kupalira ndi kubandira inali kufuna mphamvu zambiri. Koma chimanga chobzala ndi mvula yoyamba chidyeka pasanathe miyezi itatu. Sichifuna kupuntha, sichifuna kupeta, sichifuna mtondo kapena mphika. Munthu angothyola, nasenda makoko, naika pamakala, basi mwana waleka kulira. Palibe mbewu ina ya ufa imene inali kuchita chotere pa nyengo imeneyi.

Ichi ndicho chifukwa chake tinena kuti chimanga chinalowa m'dziko muno kudzera pamoto chisanalowe mumtondo. Ntchito yake yoyamba inali kukhala mlatho wowolotsa banja m'miyezi ya njala, kufikira zokolola zenizeni zitapsa.

David Livingstone ndi John Kirk atafika ku nyanja ya Chilwa pa 18 Epulo 1859, anapeza Amang'anja a dziko lino akulima mapira, chimanga, nyemba, mtedza ndi thonje. Chimanga chinalipo ndithu, koma chinali chimodzi mwa mbewu zambiri. Patangopita zaka zitatu, mu 1862 ndi 1863, chilala chinagwa pamodzi ndi nkhondo za ukapolo, ndipo anthu ambiri anafa m'mapiri a Shire ndi m'chigwa chake. Amishoni amene anadza ndi Bishopu Mackenzie ku Magomero mu 1861 anasamukako chaka chotsatira. Pa nthawi yotere, dimba la m'mbali mwa mtsinje lokhala ndi chimanga pang'ono linali chuma choposa nsalu.

M'MENE CHIMANGA CHINAPAMBANIRA MAPIRA

Zinthu zinasintha kwambiri Angerezi atatenga dziko lino mu 1891. Mu 1893 anamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, kuti atseke njira imene amalonda a akapolo anali kudzera popita kugombe. Pambuyo pake kunadza msonkho wa nyumba, ndiponso minda ya Azungu ya khofi, thonje, fodya ndi tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 kufikira cha m'ma 1930, Alomwe ambiri, ndiwo makolo a ambiri a inu, anawoloka malire kuchokera ku dziko la Apwitikizi pothawa nkhanza, msonkho ndi njala. Ena anakhala m'minda ya Azungu pa thangata, ena anapempha malo kwa mafumu a m'chigwa muno.

Antchito a m'minda imeneyi anali kulandira phoso, ndipo phosolo kawirikawiri linali chimanga. Tsono chimanga chinapeza msika, ndipo mlimi anali kutha kuchigulitsa kuti apeze ndalama ya msonkho. Chachiwiri, mapira afuna mlonda. Ngala yake ili poyera, ndipo popanda ana okhala pachilindo kuingitsa mpheta tsiku lonse, mukolola mapesi okha. Chimanga chadzifunda makoko, mbalame zazing'ono sizichipeza. Amuna atayamba kupita ku Harare ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ndipo ana atayamba kupita kusukulu, manja anachepa pamudzi, ndipo amayi anasankha mbewu yosafuna mlonda. Chachitatu, anthu atachuluka malo anachepa, ndipo pa nthaka yabwino ndi mvula yokwanira chimanga chidzaza nkhokwe koposa mapira.

Pofika nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nsima ya chimanga inali itasanduka chakudya cha tsiku ndi tsiku m'maboma ambiri. Nkhondoyo itatha, Boma la nthawi imeneyo linakhazikitsa bungwe logula chimanga lotchedwa Maize Control Board, ndipo mabungwe ena anatsatana kufikira ADMARC inayamba mu 1971.

Taonani tsono chimene chinachitika. Kale mondokwa anali kuchokera ku kamunda kapadera, ndipo nkhokwe inali kudikira mapira. Kudya mondokwa sikunali kuchepetsa nsima ya chaka chimenecho. Koma chimanga chitatenga malo a mapira, munda umodzi womwewo unasenza ntchito ziwiri, kupereka mondokwa ndi kudzaza nkhokwe. Kuyambira pamenepo chikonyo chilichonse chimene muotcha ndi ngongole imene mwatenga ku nkhokwe yanu.

ZAKA ZA NJALA

Akuluakulu a m'midzi yanu anamva kwa makolo awo za njala ya 1949. Mvula inaleka kumayambiriro kwa chaka chimenecho chimanga chili chaching'ono, ndipo minda inauma m'Chigawo cha Kummwera, makamaka m'boma la Blantyre. Boma, pansi pa Bwanamkubwa Geoffrey Colby, linaitanitsa chakudya kunja ndi kutsegula misasa yodyetserako ofooka. Anthu anadya mizu ya kutchire. Amuna ambiri anachoka kukafuna chakudya, ndipo ena sanabwerenso kwa akazi awo. Masautso anakula koposa kumayambiriro kwa 1950, pamene anthu anali kuyang'ana chimanga chatsopano m'munda chisanafike podyeka.

Njala ya 2002 ambiri a inu munaiona ndi maso. Pa 27 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti wa nthawiyo, Bakili Muluzi, analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Anthu anadya madeya ndi zitsa za nthochi. Chimanga chitangoyamba kuchita mkaka, mabanja analowa m'munda. Ena anadya chifukwa analibe pogwira. Ena anakolola chosauma poopa akuba, naumitsa padzuwa kuti asinje chitibu. Kuba kunachuluka, ndipo m'madera ena anthu ogwidwa ndi zikonyo zowerengeka anamenyedwa koopsa, ena anavulazidwa, ena anaphedwa. Mondokwa anapulumutsa miyoyo chaka chimenecho, tisakane ayi. Koma nthawi yokolola itafika nkhokwe zambiri sizinadzaze, ndipo njala inabwereranso msanga.

Inu a ku Phalombe mudziwanso kuti chilala sindicho mdani yekha. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi napha anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda ndi nyumba chimanga chili pafupi kukhwima. Mu Malichi 2024 Boma linalengezanso za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Onani kuti masoka onsewa adza pa nyengo ya mondokwa. Mwezi umene chimanga chikoma koposa ndi womwenso mlimi sanadziwe ngati adzakolola.

MWAMBO WA AKALE

Makolo anali kudziwa kuti njala ndi dyera zingamalize munda usanakhwime, chotero anaikapo mwambo. M'midzi yambiri munthu sanali kuyamba kudya mbewu zatsopano mwa iye yekha. Akuluakulu anali kuyamba apereka nsembe kwa mizimu, pamenepo mudzi unali kumasuka kudya. Angoni a kwa Mpezeni ku Zambia asunga mwambo wotere kufikira lero. Dzina lake ndi Ncwala, ndipo uchitika ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata kumapeto kwa Febuluwale, pamene mfumu yaikulu ilawa zipatso zoyamba za m'munda. Mwambowu unaleka Angoni atagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1898, ndipo unayambanso mu 1980.

Sitikuuzani kuti mubwerere ku nsembe, pakuti aliyense ali ndi chipembedzo chake. Koma onani nzeru imene inali m'kati mwa mwambowo. Unali kuletsa anthu kuthyola chimanga chanthete. Unali kuonetsa poyera munthu wakuba, pakuti wopezeka ndi zitsononkho tsiku lisanakwane anali ndi mlandu woyankha. Ndiponso unali kukumbutsa mudzi wonse kuti chakudya cha chaka ndi nkhani ya mfumu.

KAOTCHEDWE KABWINO

Popeza chikonyo chilichonse chili ndi mtengo wake, tiyenera kuchiotcha bwino kuti chisaonongeke. Mondokwa afika pokoma patapita masabata ngati atatu kuchokera pamene ndevu zatuluka. Ndevu zikada ndi kufota, tsegulani khoko pang'ono, mutsinde njere ndi chikhadabo. Pakatuluka madzi oyera ngati a pachitsime, chisiyeni, n'chanthete. Pakatuluka mkaka wokhuthala, chafika. Otchani tsiku lomwelo, chifukwa chikonyo chikachoka pa phesi kutsekemera kwake kuyamba kusanduka ufa, ndipo chogonetsa chiuma kukamwa.

Musaike pa lawi la moto. Lawi lipsereza kunja ndi kuchititsa utsi pamene m'kati muli mwauwisi. Dikirani nkhuni zisanduke makala ofiira, mutsamiritse chikonyo pa fuwa kapena pa waya wa mbaula, ndi kumatembenuza kawirikawiri kufikira mbali zonse zitafiira. Ena afotsera chikonyo m'phulusa lamoto chili m'makoko ake, ndipo chipsa ndi nthunzi yake, chofewa bwino kwa ana ndi okalamba.

Nanga zokometsera? Ku Mexico, kwawo kwa chimanga, achipaka tsabola, mchere, madzi a ndimu ndi tchizi. Ku Japan achipaka msuzi wakuda wamchere wopangidwa ndi soya, nachibwezera pamoto kuti msuziwo uumirepo. Ku Kenya ndi ku Tanzania aviika chibenthu cha ndimu mu mchere wosakaniza ndi tsabola, nakhutiza pa chikonyo. Inunso simusowa kanthu. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotuluka, chifukwa chake dothi la m'mbali mwake lili ndi mchere, ndipo amayi akale anali kulitcheza monga mutchezera chidulo, naphika madziwo mpaka mchere utatsala mumphika. Lero mchere mugula pa golosale, mafuta a mpendadzuwa ndi a mtedza achokera m'minda yanu, ndipo tsabola wa kambuzi ndi mandimu zili pakhomo. Sungunulani mchere pang'ono m'madzi a mandimu, muthiremo supuni ya mafuta ndi tsabola wosinja. Chikonyo chikatsala pang'ono kupsa, chipakeni ndi khoko loyera, muchibwezere pamakala kanthawi kochepa. Mukapaka poyamba, mafuta adontha pamoto, lawi libuka ndipo chimanga chiwawa.

TIWERENGE PAMODZI

Tsopano tiyeni tichite masamu. Tinene kuti m'nyumba muli anthu 6, ndipo aliyense adya zikonyo ziwiri pa tsiku. Pa tsiku ndi zikonyo 12, ndipo pa masiku 30 ndi zikonyo 360. Zikonyo zazikulu 360 zikauma ndi kutonoledwa zingathe kudzaza pafupifupi thumba la makilogalamu 50. Amene akukayika ayese yekha pa nthawi yokolola. Dziwaninso kuti njere ya mondokwa mbali yake yaikulu ndi madzi. Ngakhale pamene mkaka wayamba kulimba, njere yafika pa theka lokha la ufa umene ikanakhala nawo itakhwima. Tsono wodya mondokwa adya theka, ndipo theka linalo alitaya lisanabadwe.

Pali chinanso. Munthu akalowa m'munda kukathyola chootcha, dzanja lake lipita pa chikonyo chachikulu, cha phesi lamphamvu, chimene chacha msanga. Koma chimenecho ndicho chiyenera kukhala mbewu. Alimi a ku Mexico aja anakuza chimanga posunga ngala zabwino. Inu amene mulima chimanga chamakolo, mukamaotcha zabwino ndi kusunga zotsala, mubwezera ntchito yawo m'mbuyo, ndipo mbewu yanu idzachepa mphamvu chaka ndi chaka. Akale anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

NTCHITO YA MAFUMU NDI ALIMI

Sitikuletsani mondokwa ayi. Mwana amene wadikira chilimwe chonse ayenera kulawa, ndipo banja limene ufa watha liyenera kudya. Chimene tipempha ndi chakuti mondokwa abwerere pamalo pake akale.

Choyamba, banja lililonse lipatule kamunda ka mondokwa pafupi ndi nyumba, kobzala ndi mvula yoyamba. Funsani mlangizi wa m'dera lanu za mbewu yocha msanga yoyenera nthaka yanu. Munda waukulu ukhale wa nkhokwe. Amene muli ndi madimba m'mbali mwa mitsinje ndi m'madambo a ku Chilwa, bzalani chimanga madzi akaphwa, ndipo mondokwa wogulitsa ku Migowi ndi m'misika ina achokere kumeneko, pa nyengo imene mtengo wake uli wabwino.

Chachiwiri, lowani m'munda wa chimanga chamakolo musanayambe kuthyola, mumange mfundo ya udzu pa mapesi amene abereka bwino koposa. Auzeni ana kuti chomangidwa mfundo sachikhudza.

Chachitatu, kuyambira nyengo ya 2016 ndi 2017 mbozi za ntchemberezandonda zalowa m'dziko muno, ndipo ambiri mupopera mankhwala. Pa botolo palembedwa masiku oyenera kudikira musanadye mbewu yopoperedwa. Wosadziwa kuwerenga afunse mnzake kapena mlangizi, ndipo musatume mwana kukathyola masikuwo asanakwane.

Chachinayi, chenjerani ndi ogula amene adza ndi ndalama m'manja mwezi wa Malichi kufuna munda wonse uli chiimire. Ndalamayo itha msanga, ndipo mu Januwale mudzapita paganyu kufuna chimanga chomwecho pa mtengo wokwera, munda wanu uli m'tchire.

Chachisanu n'cha inu mafumu ndi anyakwawa. Itanani anthu anu pabwalo chimanga chikayamba kumasula. Panganani za kulondera minda, za kumanga mbuzi ndi ng'ombe, ndiponso kuti wogulitsa mondokwa m'mudzi mwanu azitha kuloza munda umene wathyola. Wakuba akagwidwa adze kubwalo kwanu kapena kupolisi, asaweruzidwe ndi zibonga kumunda. Ndipo muwadziwe amasiye ndi okalamba amene ufa wawathera, kuti mudzi uwathandize njala isanawatume kumunda kwa eni.

Zaka mazana angapo zapitazo makolo anu analandira njere zachilendo, nazibzala kuseri kwa nyumba kuti ana awo asafe mu Febuluwale. Iwo anadziwa kusiyanitsa munda wa pamoto ndi munda wa nkhokwe. Mukachita chimodzimodzi chaka chino, mudzadya mondokwa wanu ndi mtima wokhazikika, ndipo nsima siidzasowa pakhomo mvula ina ikamagwa. Nkhani iyi muikambirane pabwalo ndi anthu anu, ndipo amene adziwa kuwerenga awerengere anzawo. Tsalani bwino, mafumu ndi alimi nonse.